Mbiri ya Mai Grace Hopper, Katswiri wa Makompyuta

Mai Grace Hopper, amene amadziwika monga mmodzi wa akatswiri oyamba pa nchito yokonza mapulogalamu a kompyuta, anabadwa pa 9 December 1906 mu mzinda wa New York ku America. Anaphunzira masamu pa koleji ya Vassar, ndipo mu 1934 anatenga digiri ya udokotala wa masamu pa yunivesite ya Yale. Pamene anayamba kuphunzitsa pa Vassar mu 1931, malipiro awo anali madola 800 pa caka.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itabuka, Mai Hopper anafuna kulowa m'gulu la asilikali a pamadzi, koma poyamba anawakana cifukwa ca msinkhu ndi kucepa thupi. Sanagwe mphwayi. Mu 1943 anawalandira m'gulu la asilikali ongoyembekezera kuitanidwa, ndipo mu 1944 anawatumiza ku yunivesite ya Harvard kukagwira nchito pa makina a Mark I pansi pa a Howard Aiken. Makinawo anali kuyenda usana ndi usiku, motero anchito ake sanali kupuma mokwanira. Buku lalikulu lofotokoza kayendetsedwe ka makinawo linatuluka mu 1946. Mai Hopper ndiwo analemba mbali yaikulu, koma linasindikizidwa m'dzina la gulu lonse la anchito.

Nkhondo itatha anapempha kukhala msilikali wokhazikika, koma anawakananso cifukwa ca zaka. Mu 1949 analowa nchito pa kampani ya Eckert-Mauchly ku Philadelphia, imene inali kupanga kompyuta ya UNIVAC. Kampaniyo inali pa mabvuto a ndalama, ndipo mu 1950 inagulidwa ndi Remington Rand.

Pa nthawiyo malangizo a kompyuta anali kulembedwa m'manambala ndi zizindikiro zimene anthu ocepa okha anali kuzimvetsa. Mai Hopper anaona kuti owerengetsa malipiro ndi katundu m'makampani sangakwanitse njira imeneyo. Mu 1952 anakonza pulogalamu ya A-0, kenaka cinenero ca FLOW-MATIC cogwiritsa nchito mau a Cingerezi. Cinenero cimeneci cinakhala maziko a COBOL, imene inayambika mu 1959 ndipo inafala m'mabanki ndi m'maofesi a boma. Nchito yawo inatsegula njira kwa akatswiri amene amafufuza zosowa za kampani ndi kukonza dongosolo la kompyuta loyenerera, ochedwa ma systems analyst.

Mu 1966, atakwanitsa zaka 60, malamulo a usilikali anawakakamiza kupuma. Caka cotsatira anawaitananso kwa miyezi 6 cabe kuti akagwirizanitse zinenero za makompyuta a gululo, koma nchitoyo inatenga zaka zambiri. Mu 1969 bungwe la Data Processing Management Association linawapatsa mphoto imene dzina lake linali la mwamuna wopambana pa caka. Anapuma komaliza mu 1986 ali ndi zaka 79, pa udindo wa rear admiral, ndipo anapitiriza monga mlangizi pa kampani ya Digital Equipment Corporation.

Mai Hopper anamwalira pa 1 January 1992 ndipo anaikidwa m'manda a asilikali a Arlington. Mu 2016 Pulezidenti Barack Obama anawalemekeza ndi mendulo ya Presidential Medal of Freedom.