Gunnar Asplund, mmisiri amene anasiya mabuku poyera

Dzina la Gunnar Asplund ndinalidziwa chifukwa cha chithunzi chomwe ndinachiona pafoni: chipinda chozungulira ngati nkhokwe, makoma ake odzaza mabuku m'magawo atatu osanjikizana. Ndinkayesa ndi zopanga pa kompyuta. Ayi ndithu, ndi laibulale yaikulu ya mzinda wa Stockholm ku Sweden, yomwe inatsegulidwa pa 31 Malichi 1928.

Asplund anabadwira mumzinda womwewo mu 1885, ndipo anaphunzira zojambula mapulani a nyumba. Atapatsidwa ntchito ya laibulaleyi, mu 1920 anapita ku America kukaona mmene amamangira malaibulale kumeneko. Anabwerako ndi ganizo lomwe lero tingaliyese wamba, loti munthu azipita yekha pashelefu n'kutenga buku lomwe wafuna. Nthawi imeneyo munthu ankatchula buku kwa wogwira ntchito, n'kudikira kuti am'bweretsere. Laibulale ya Asplund ndiyo inali yoyamba mwa malaibulale a anthu onse ku Sweden kusiya mabuku poyera.

Apa mpomwe mkuluyu amandigwira mtima. Inetu ndinaphunzira pasukulu ina pomwe mabuku abwino ankakhala mokhoma, ndipo kupempha limodzi kunali ngati ukupempha ngongole. Buku lomwe sulidziwa dzina ungalipemphe bwanji?

Pulani yake yoyamba inali ndi denga lobulungira ngati la tchalitchi. Anaisintha n'kuika chimgolo chachitali pakati pa nyumba ya makona anayi, kunja kwake kofiirira, kopanda zokongoletsa zambiri. Polowera pali mdima pang'ono. Umakwera masitepe opanikiza, kenako mwadzidzidzi watulukira pakati pa chipinda chowala chija, mabuku atakuzinga mbali zonse. Anachita dala zimenezi.

Patangotha zaka ziwiri anali atasintha kale kamangidwe. Pachionetsero cha Stockholm cha 1930 anamanga ndi magalasi ndi zitsulo, ndipo mu 1931 anakhala pulofesa.

Ntchito ina yomwe inam'tengera zaka zambiri ndi manda a Skogskyrkogården, omwe anakonza ndi mnzake Sigurd Lewerentz ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 1994. Nyumba yowotcheramo mitembo yomwe anajambula pamandapo inatha mu 1940. Mu Okutobala chaka chomwecho Asplund anamwalira ali ndi zaka 55, ndipo anaikidwa pomwepo.