Robert Bosch

Robert Bosch (23 Seputembala 1861 – 12 Malichi 1942) anali mmisiri wa makina komanso wamalonda wa ku Germany amene anayambitsa kampani ya Bosch. Iye sankapanga magalimoto. Anatchuka chifukwa cha zipangizo zoyatsira moto ndi zothirira mafuta mu injini.

Ubwana ndi maphunziro

Bosch anabadwira m'mudzi wa Albeck pafupi ndi mzinda wa Ulm, ndipo anali wa nambala 11 pa ana 12. Bambo ake, a Servatius Bosch, anali mlimi ndipo analinso ndi nyumba yogona alendo. Kuyambira 1876 mpaka 1879 anaphunzira umisiri wa makina ang'onoang'ono ku Ulm. Mu 1884 anapita ku America kumene anagwira ntchito pa kampani ya Thomas Edison, kenako anakagwira ku Siemens Brothers ku Britain.

Ntchito yake

Pa 15 Novembala 1886 anatsegula kamalo kake kokonzera makina ndi zamagetsi ku Stuttgart. Zaka zoyambirira zinali zovuta ndipo ndalama zinkasowa. Chimene chinamutukula ndi magneto, chipangizo chopanga mphamvu yamagetsi yoyatsira mafuta mu injini. Anapanga yoyamba mu 1887, ndipo mu 1897 anaiika pa galimoto. Mu 1902 wantchito wake, Gottlob Honold, anapanga magneto yamphamvu kwambiri yogwira ntchito ndi pulagi, ndipo maoda anayamba kubwera kuchokera kumayiko ambiri.

Mu 1906 Bosch analamula kuti antchito ake azigwira maola 8 pa tsiku, chinthu chimene mafakitale ambiri anali asanachiganizire. Izi sizinaletse antchitowo kunyanyala ntchito mu 1913.

Mu 1927 kampaniyo inayamba kupanga mapampu ambiri othira dizilo mu injini. Mapampuwa anathandiza kwambiri kuti injini ya dizilo ifalikire m'malole ndi m'mabasi.

Nthawi ya Hitler ndi imfa yake

Mbiri ya zaka zake zomaliza ili ndi mbali ziwiri. Bosch sankagwirizana ndi chipani cha Nazi, ndipo mu 1937 analemba ntchito Carl Goerdeler, yemwe pambuyo pake anaphedwa chifukwa cholimbana ndi Hitler. Komabe mafakitale ake ankapangira asilikali zipangizo, ndipo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse munkagwira anthu okakamizidwa. Mu 1940 anapereka chipatala ku mzinda wa Stuttgart. Anamwalira mumzindawu mu 1942 atadwala khutu. Bungwe lachifundo la Robert Bosch Stiftung, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, ndi limene lili ndi masheya ambiri a kampaniyo.

Njira ziwiri zoyezera mpweya

Ntchito yothira mafuta imene inayambika iye ali moyo inafika pa injini za petulo za magalimoto iye atamwalira. Vuto lalikulu pa petulo ndi kudziwa kulemera kwa mpweya wolowa mu injini, chifukwa galamu imodzi ya petulo imafuna magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya kuti ipse bwino. Ku Dedza vutoli ndi losavuta kulimvetsa. Tawuniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene mpweya ndi wopepuka ndi 15 peresenti kapena kucheperapo pang'ono poyerekeza ndi m'mbali mwa nyanja yamchere. Galimoto yakale ya kabuleta yochokera ku Golomoti ikakwera msewu wa Khwekhwelere, mafuta amachuluka kuposa mpweya, choncho ena amangowonongeka.

Mu 1967 kampani ya Bosch inatulutsa D-Jetronic, imene inaikidwa koyamba mu Volkswagen 1600. Chilembo D chikuchokera ku mawu achijeremani otanthauza kupanikizika. Njirayi, yomwe amakaniko amaitchula kuti speed density, siyeza mpweya weniweniwo. Imaona kupanikizika kwa mpweya m'paipi yolowera mu injini, kutentha kwake ndi liwiro la injini, kenako imawerengetsera potengera manambala amene anaikidwiratu. Sensa yake ndi yolimba ndipo sitsekereza njira ya mpweya. Kuipa kwake n'kwakuti injini ikasinthidwa kapena ikakalamba, manambala aja amaleka kugwirizana nayo, ndipo pamafunika katswiri woti awakonzenso.

Njira yachiwiri inabwera ndi L-Jetronic m'zaka za m'ma 1970, imene inkayeza mpweya ndi kachitseko kokankhidwa ndi mpweyawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera LH-Jetronic, yokhala ndi kawaya kotenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umaziziritsa kawayako, ndipo magetsi ofunika kuti kakhalebe kotentha amasonyeza kulemera kwa mpweyawo. Imeneyi ndi imene lero imatchedwa MAF. Imatsatira yokha kusintha kwa injini ndiponso kukwera kwa malo, koma ndi yosachedwa kudetsedwa. M'misewu yafumbi, fyuluta ikang'ambika, fumbi limamata pa kawayako ndipo sensa imayamba kunama. Paipi ikabooka pakati pa sensa ndi injini, mpweya wosawerengedwa umalowa ndipo galimoto imatha kuzima ikaima. Magalimoto ambiri amakono ali ndi masensa a mitundu yonse iwiri.