MBIRI YA MALEMU AMBUYE CORNELIUS CHITSULO

Pa tsamba lathu la mbiri za anthu otchuka, ulendo uno tikumbuke munthu wa kwathu konkuno ku Dedza, malemu Ambuye Cornelius Chitsulo. Iwowa ndiwo anali Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe mu Mpingo wa Katolika, ndiponso Mmalawi woyamba kukhala episkopi. Ambirife timangodziwa za ulemu umene analandira, koma sitiganizira kuti kulikonse kumene anapita kunali kwachilendo, kopanda mnzawo wa kuno kwathu woti awatsogolere.

Ambuye Chitsulo anabadwa m'chaka cha 1909 m'dera la Mua, kunsi kwa mapiri a Dedza, cha kunyanja. Nthawi imeneyo mishoni ya Mua inali isanathe ndi zaka khumi zomwe, pakuti ansembe a chipani cha White Fathers anaitsegula mu 1902. Sukulu inali chinthu chachilendo, ndipo pakati pa amishoni ndi eni midzi pankakhala kukokana, makamaka pa nkhani ya gule wamkulu. Mnyamata wofuna unsembe anali ndi vuto linanso, loti wansembe sakwatira. Kwa makolo ndi amalume a masiku amenewo, zoti mwana wamwamuna akhale osamanga banja zinali zovuta kuzimvetsa. Kuwonjezera apo, m'Nyasaland monse munalibe wansembe wakuda wa Katolika ndi mmodzi yemwe woti mnyamata amuone n'kulimba mtima kuti zimatheka.

Atatsiriza maphunziro a ku seminale yaing'ono, anayenera kuchoka m'dziko muno, chifukwa seminale yaikulu ya Kachebere ku Mchinji inali isanatsegulidwe. Inadzayamba mu 1939. Choncho anapita ku Kipalapala, pafupi ndi Tabora m'dziko la Tanganyika, limene lero ndi mbali ya Tanzania. Unali ulendo wa masiku ambiri. Kumeneko anthu ankayankhula Chiswahili, pamene maphunziro a unsembe masiku amenewo ankadalira Chilatini. Mwana wa ku Mua anayenera kuzolowera zonsezi ali kutali ndi abale. Paja akulu anati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Anapirira mpaka anadzozedwa unsembe m'chaka cha 1937.

Kukhala woyamba si chinthu chopepuka. Bambo Chitsulo anayamba ntchito pakati pa ansembe achizungu, m'dziko la atsamunda mmene munthu wakuda sankayembekezeredwa kukhala pa mpando umodzi ndi mzungu. Maso a anthu anali pa iwo. Akanalephera, si iwo okha akananyozedwa. Anthu akanati Amalawi sangauthe unsembe, ndipo anyamata obwera pambuyo akanavutika kupeza mwayi. Anatumikira ngati wansembe kwa zaka pafupifupi makumi awiri.

Mu 1956 dera la Dedza linapatulidwa kuti liziima palokha mu mpingo, ndipo Papa Pius XII anasankha Bambo Chitsulo kuti alitsogolere. Anadzozedwa uepiskopi mu 1957. Maepiskopi akuda anali ochepa kwambiri nthawi imeneyo. Ambuye Joseph Kiwanuka a ku Uganda anali atadzozedwa mu 1939, ndipo Ambuye Laurean Rugambwa a ku Tanganyika mu 1952, koma kuno kwathu chinali chiyambi. Mu 1959, chaka chomwe boma la atsamunda linamanga atsogoleri a Nyasaland African Congress, Dedza inakhala dayosizi yokhazikika, tchalitchi chake chachikulu chili ku Bembeke. Motero munthu wobadwira kotentha kunsi kwa mapiri anadzakhala mbusa wa anthu a kumtunda kozizira, a kunyanja, ndi a ku Ntcheu omwe, kutatsala zaka zisanu kuti dziko lathu lilandire ufulu wodzilamulira.

Ulendo sunathere pamenepo. Pakati pa 1962 ndi 1965 ku Rome kunachitika msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, umene unasonkhanitsa maepiskopi oposa 2,000 ochokera m'maiko osiyanasiyana. Ambuye Chitsulo anali mmodzi mwa iwo. Chilatini chija anachivutikira ali mnyamata ndicho chinali chiyankhulo cha pamsonkhanowo. Msonkhano womwewo ndi umene unatsegula njira yoti Misa izichitika m'ziyankhulo za anthu eni ake, kuphatikizapo Chichewa. Kuno kumudzi, Ambuye Chitsulo anayambitsanso chipani cha asisitere a Presentation, kuti atsikana nawo apeze njira yotumikira. Anamwalira mu 1984, atatsogolera Dedza kwa zaka zoposa 25, ndipo amene analowa m'malo mwawo anali Mmalawi mnzawo, Ambuye Gervazio Chisendera. Pofika nthawi imeneyo, zoti episkopi n'kukhala Mmalawi sizinkadabwitsanso munthu.

Tikaiona bwino mbiri imeneyi, tipeza kuti kulimba mtima sikunabwere tsiku limodzi. Amene anatha kuchoka ku Mua kupita ku Tabora anatha kuima yekha pakati pa ansembe achizungu. Amene anatha zimenezo anatha kusenza dayosizi yatsopano. Ndipo amene anasenza dayosizi anakakhala pa bwalo la maepiskopi ku Rome. Katundu aliyense anawakonzekeretsa kusenza wina wolemera koposa.

Nkhaniyi ikutikhudza tonse, kaya ndife a mpingo uti. Alipo pakati pathu amene amakana kusamutsidwira ku Chitipa kapena ku Nsanje poopa chilendo. Alipo amene amakana udindo m'bungwe lathu lino ponena kuti sanakonzeke. Enanso tikukaniza ana athu, makamaka atsikana, kupita ku sukulu zakutali. Tikati tidikire kuti mantha athe kaye ndiye tinyamuke, tidzakalambira pakhomo. Ambuye Chitsulo ananyamuka njira isanalambulidwe, ndipo ambiri adutsa mmene anapondamo iwo.

Mzimu wawo uuse mumtendere.