BAMBO CARTER WOODSON: WOKUMBA MALASHA AMENE ANASANDUKA MPHUNZITSI WA MBIRI

Ana a m'sukulu za sekondale za ku Amereka akamaphunzira za ukapolo, za malipiro a anchito akuda, ndi za msamuko wao kucoka ku minda ya thonje kunka ku mizinda ya mafakitale, akuyenda m'njira imene inalambulidwa ndi Bambo Carter G. Woodson.

A Woodson anabadwa pa 19 December, 1875, ku New Canton m'cigawo ca Virginia. Makolo ao onse awiri anakhalapo akapolo, ndipo atate ao sanadziwe kuwerenga. Pokhala banja laumphawi, mwanayo anapita ku sukulu miyezi yowerengeka yokha pa caka, masiku ena onse ali kumunda. Atasinkhuka anapita ku West Virginia, nalembedwa nchito m'migodi ya malasha ya ku Fayette County.

Kumgodi komweko ndiko kunali sukulu yao yeniyeni. Kunali mkulu wina dzina lace Oliver Jones, amene anamenya nao nkhondo yaciweniweni ya ku Amereka, ndipo anchito a mumgodi anali kusonkhana m'nyumba mwace madzulo kudzagula zipatso ndi kuceza. Mkuluyu sanadziwe kuwerenga. Cotero anapangana ndi mnyamatayo kuti aziwawerengera nyuzipepala mokweza, iye nkumadya za m'nyumbamo kwaulere. Mnyamata atatha kuwerenga, amuna aja anali kutsutsana za msonkho wa katundu wolowa m'dziko ndi za ndarama za golidi ndi siliva, ndipo akale anali kusimba zimene anaona ndi maso ao pa nkhondo ndi pa ukapolo. Apa anazindikira kuti anthu osalemba anasunga mbiri yambiri imene inasowa m'mabuku.

Analowa sukulu ya Douglass High School ku Huntington mu 1895, ali ndi zaka pafupifupi 20, naitsiriza mu 1897; pofika 1900 anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu yomweyo. Pambuyo pace anaphunzira ku Berea College, anayang'anira sukulu ku Philippines, nalandira madigiri ku Chicago mu 1908. Mu 1912 analandira digiri ya udokotala ku Harvard, munthu wakuda waciwiri kutero pambuyo pa W. E. B. Du Bois.

Pa zaka zimenezo anali kuphunzitsa ku M Street High School, sukulu ya ana akuda mu Washington. Mabuku a mbiri amene ana anapatsidwa anachula munthu wakuda monga kapolo cabe, apo ai osamchula konse. Ndani analima thonje limene linalemeretsa dziko, ndani anayala njanji ndi kukumba malasha, mabukuwo anali cete. A Woodson anaona kuti mwana wophunzira cotere amaturuka m'sukulu akudzipeputsa, ndipo mwana wa Mzungu amaturuka akuganiza kuti mnzaceyo alibe cace m'dzikomo.

Sanataye nthawi ndi kudandaula. Pa 9 September, 1915, iwo ndi anzao anayambitsa bungwe lofufuza moyo ndi mbiri ya anthu akuda ku Chicago, ndipo mu January 1916 anaturutsa magazini yochedwa Journal of Negro History. Mu 1918 analemba buku la A Century of Negro Migration, anthu ali mkati mosamuka. Akuda zikwizikwi anali kuthawa malipiro ocepa, nankafumbwe woononga thonje ndi kuphedwa popanda mlandu kumwera, pamene mafakitale a kumpoto anasowa anchito cifukwa nkhondo inatseka njira ya obwera kucokera ku Ulaya. Mu 1930, pamodzi ndi Lorenzo Greene, analemba The Negro Wage Earner, loonetsa kuti akuda ocuruka anatsekeredwa ku nchito za kumunda ndi za m'nyumba za eni cuma, ndi kuti mabungwe ambiri a anchito anakana kuwalandira.

Komatu buku la akatswiri silifika lokha m'manja mwa mwana, ndipo apa mpamene uphunzitsi wa a Woodson unaonekera. Anatsegula kampani yaoyao yosindikiza mabuku mu 1921. Buku lao la The Negro in Our History la 1922 linagwiritsidwa nchito m'sukulu ndi m'makoleji, ndipo mu 1935 analembera ana a sekondale The Story of the Negro Retold. Mu February 1926 anayambitsa sabata la mbiri ya anthu akuda, nasankha sabata la masiku obadwa a Abraham Lincoln ndi Frederick Douglass; aphunzitsi anatumiziridwa zithunzi ndi mapepala a maphunziro. Mu 1937 anayamba kanyuzi ka Negro History Bulletin, kolembedwa m'mau apafupi kaamba ka aphunzitsi ndi ana.

Anali munthu wouma mutu, wosafuna kulamulidwa, ndipo mabungwe a Azungu olemera amene anamthandiza poyamba analeka kupereka ndarama m'zaka za m'ma 1930. Nchito inayenda ndi zopereka zazing'ono za aphunzitsi, mipingo ndi anchito wamba. Sanakwatire, nyumba yao ya pa Ninth Street mu Washington ndiyo inali ofesi ndi mosungira mabuku. Anamwalira m'nyumba momwemo pa 3 April, 1950, ali ndi zaka 74. Mu 1976 sabata lija linakuzidwa kukhala mwezi wathunthu wa February.