Episkopi Charles Mackenzie, yemwe anamwalira pafupi ndi Chiromo

Ambiri a ife kwathu ndi ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma ndi ochepa amene tinamvapo za episkopi amene anamwalira m'chigwa chathu cha Shire akulimbana ndi malonda a akapolo.

Charles Frederick Mackenzie anabadwa pa 10 Epulo 1825 ku Scotland. Anaphunzira ku yunivesite ya Cambridge, komwe anadziwika ngati katswiri wa masamu. Atadzozedwa unsembe mu Mpingo wa Anglican, anapita kukatumikira ku Natal mu 1855. David Livingstone atadandaulira anthu a ku Cambridge mu 1857 kuti atumize amishoni kuno, panabadwa bungwe la UMCA. Mackenzie ndiye anasankhidwa kulitsogolera, ndipo anadzozedwa uepiskopi ku Cape Town pa 1 Januwale 1861.

Mu Julayi 1861 iye ndi anzake anafika pa mudzi wa Chibisa ku Chikwawa pa sitima ya Pioneer, nayamba ulendo wapansi wokwera kumapiri. Pa 16 Julayi, pa mudzi wa Mbame, gulu lawo linakumana ndi mdipiti wa akapolo 84 opita ku Tete, amuna ali m'magoli, amayi ndi ana atamangidwa zingwe. Owayendetsa anathawa, ndipo Livingstone ndi anthu ake anadula magoliwo. Omasulidwawo ndiwo anakhala anthu oyamba a mishoni ya Magomero.

Apa mpamene panabuka vuto. Mafumu a Amang'anja anapempha thandizo, ndipo Mackenzie ananyamula mfuti natsogolera nkhondo yolimbana ndi Ayao, mpaka kutentha misasa yawo. Pambuyo pake amishoniwo anazindikira kuti Ayao ambiri nawonso ankathawa nkhondo ndi njala kwawo, komanso kuti Amang'anja ena ankagulitsa anzawo. Ku England akuluakulu ena a mpingo anamudzudzula kwambiri.

Mu Januwale 1862 Mackenzie ndi wansembe Henry Burrup anatsika kukakumana ndi Livingstone pamene Ruo amathira mu Shire. Bwato lawo linagubuduzika, mankhwala a malungo namira. Anafika mochedwa, Livingstone atadutsa kale. Akudikira pa chilumba cha Malo, malungo anamugwira, ndipo anamwalira pa 31 Januwale 1862 ali ndi zaka 36. Burrup anamuika m'manda iyenso akudwala, nakamwalira ku Magomero patangopita masabata atatu.

Otsalawo anasamukira kwa Chibisa, komwe chilala ndi njala zinapha anthu osawerengeka. Amishoni ena awiri, Henry Scudamore ndi Dokotala John Dickinson, anamwalira komweko mu 1863, ndipo pofika 1864 mishoni inali itasamukira ku Zanzibar. Poyang'ana ndi maso ntchito inaoneka ngati yalephera. Komabe mmodzi mwa ana omasulidwa mu 1861 anali Chuma, yemwe pamodzi ndi Susi anatsogolera anthu onyamula thupi la Livingstone mpaka kunyanja ya mchere atamwalira mu 1873.

Ana athu akamaphunzira za ukapolo kusukulu, nkosavuta kungoloweza zaka ndi mayina a azungu kuti akhoze mayeso. Makolo ndi aphunzitsi, tiwauze nkhani yonse. Adziwe kuti magoliwo anali m'khosi mwa makolo athu enieni, kuti ogula anali akutali koma ena mwa ogulitsa anali apafupi, ndiponso kuti ngakhale munthu wachifundo ngati Mackenzie analakwitsa poweruza mtundu wonse asanaumvetse. Mwana wodziwa zimenezi sadzanyoza mnzake chifukwa cha mtundu, ndipo adzachenjera wina akabwera kumulonjeza ntchito kunja momunyengerera.

Pa Misa ya lero tipempherere mizimu ya onse amene anafera m'njira ya ku Tete, ndi onse amene akugulitsidwa masiku athu ano.