Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe ndi Eni Minda Amene Sanamve

Amayi anzanga, nkhope ya a John Chilembwe timayigwira m'manja pa ndalama ya K2,000, ndipo pa 15 Januwale ana sapita kusukulu chifukwa cha iwo. Ambiri timangodziwa za usiku umodzi wa mu 1915. Lero tiyeni tione zaka zimene zinatsogolera usikuwo, pamene mabungwe awiri anakhala moyandikana: mishoni ya ku Mbombwe, imene inkaphunzira kusamala anthu, ndi kampani ya A. L. Bruce ku Magomero, imene inatseka makutu.

A Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano m'boma la Chiradzulu. Mu 1892 analowa ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale Joseph Booth. Monga namwino wopuma, pamene ndimapakonda pa mbiri yawo ndi apa: Emily, mwana wamng'ono wa a Booth, atadwala malungo, amene ankamudwazika anali mnyamata wantchito ameneyu, ndipo Emily atakula analemba za chifundo chakecho. Mu 1897 a Booth anapita nawo ku America, kumene anaphunzira zaubusa ku Lynchburg, Virginia. Anabwerera mu 1900 mothandizidwa ndi mpingo wa Baptist wa anthu akuda a kumeneko, nakhazikitsa Providence Industrial Mission, PIM, pa Mbombwe.

Mishoniyi sinathere pa kulalikira. Mu 1901 kunabwera Mbusa Landon Cheek, ndipo mu 1902 kunafika Mayi Emma DeLany, amene anaphunzira unamwino ku Spelman. Mayiwa anasonkhanitsa amayi ndi atsikana kuwaphunzitsa kusoka ndi kusamala pakhomo. Iwo atachoka, Mayi Ida Chilembwe anapitiriza ntchitoyo. Mbusayo ankadandaula m'makalata ake a ku America za umphawi wa amayi a kuno, ndipo ndikhulupirira kuti zambiri anazimva kwa amayi omwewo, pakuti pa mkeka wosokera m'pamene mavuto a m'nyumba amatulukira. Pofika 1912 sukulu za PIM zinali ndi ana pafupifupi 1,000 ndi akuluakulu mazana angapo, ndipo mu 1913 anamaliza tchalitchi chachikulu cha njerwa.

Chapafupi pomwepo panali Magomero. Ife Aangilikani malowa timawadziwa, pakuti m'pamene Bishopu Charles Mackenzie anakhazika mishoni yathu yoyamba mu 1861 pamodzi ndi akapolo omasulidwa. Patapita zaka ngati 30, dera lomwelo, maekala oposa 150,000, linagulidwa ndi a Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone. Kampaniyi inali ndi dzina labwino, dzina la banja lodana ndi ukapolo. Koma dzina silidyetsa wantchito. Pamundapo ankalima thonje ndi fodya, ndipo ogwira ntchito ambiri anali Alomwe othawa nkhanza ku Mozambique, anthu opanda malo awoawo ndi opanda mfumu yowalankhulira.

Lamulo la pamenepo linali thangata. Mawuwa kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, koma apa anasanduka goli. Munthu ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, koma miyeziyo inkatalikitsidwa mpaka inayi kapena isanu, nthawi ya dzinja, pamene munda wake womwe ukumera udzu. Akazi amasiye nawonso ankagwira. Woyang'anira munda, William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutcha Listonia, ankadziwika ndi chikoti. Kampaniyo sinkalola sukulu pa malo ake, ndipo nyumba zopemphereramo za udzu zimene akhristu a PIM anamanga zinatenthedwa. Njala ya mu 1912 ndi 1913 inangowonjezera masautso.

Anthu amenewa Lamlungu ankabwera ku Mbombwe ndi zipsera zawo. A Chilembwe ankadandaula m'malo mwawo, koma eni munda ankawaona ngati wosokoneza antchito, osati ngati munthu wowabweretsera uthenga wofunika kuumva. Zimandikumbutsa chipatala china kumene ndinagwirako ntchito. Tinali ndi bokosi la madandaulo pakhomo la wodi, lopakidwa utoto bwino, koma kiyi wake anatayika kalekale. Akuluakulu ankati odwala athu ndi okhutira, poti palibe dandaulo linafika pa tebulo lawo.

Nkhondo yaikulu itayamba, asilikali akuda anafa ku Karonga mu Seputembala 1914. Mu Novembala a Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chake amphawi akufera nkhondo ya eni ake, kusiya akazi amasiye ndi ana osowa owasamala. Boma linaletsa kalatayo, niliyamba kukonza zowachotsa m'dziko. Nthawi imeneyo mbusayo anali ndi ngongole, akudwala mphumu, maso akuchita khungu.

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira Magomero. Azungu atatu anaphedwa, ndipo Livingstone anadulidwa mutu mkazi wake akuona. Akazi ndi ana a azungu sanapwetekedwe, monga momwe a Chilembwe analamulira. Patapita masiku atatu mishoni ya Akatolika ku Nguludi inatenthedwa, wansembe mmodzi navulazidwa. Sindingakuuzeni kuti zimenezi zinali zabwino. Ndasambitsapo mitembo yambiri, ndipo magazi a munthu wankhanza ndi ofiira chimodzimodzi. Pa 3 Febuluwale a Chilembwe anawomberedwa kufupi ndi malire a Mozambique. Anthu pafupifupi 40 anaphedwa ndi boma, ena 300 anamangidwa, ndipo tchalitchi cha njerwa chija anachiphulitsa.

Apa m'pamene atsamunda anayamba kufunsa mafunso amene akanafunsa kale. Komishoni yofufuza inamva umboni wa anthu akuda ndi azungu. Mbusa Alexander Hetherwick wa ku Blantyre Mission anateteza anthu ophunzira, nadzudzula mwambo wokakamiza munthu wakuda kuvulira mzungu aliyense chipewa pamene mzunguyo sabweza ulemuwo. Lipoti la mu 1916 linavomera kuti zochitika pa minda ya Bruce zinali zosemphana ndi lamulo ndiponso zopondereza, koma mlandu waukulu linausenzetsa Listonia, amene anali kale m'manda. Ndi mmene mabungwe ambiri amayambira: amaloza munthu mmodzi woipa kuti dongosolo likhale momwemo. Lamulo la mu 1917 lofuna kuthetsa lendi ya ntchito eni minda analifooketsa. Lina linabwera mu 1928, lolola munthu kulipira ndi ndalama, mbewu kapena ntchito. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams analangiza boma kugula malo osalimidwa a m'minda ya azungu, ndipo m'zaka za m'ma 1950 boma linagula gawo lalikulu la Magomero. Thangata inathetsedwa mu 1962, patapita zaka 47.

Ku Mbombwe kunakhala bwinja zaka 11. Koma panali mnyamata wina, Daniel Malekebu, amene Mayi DeLany anamuphunzitsa, nawatsatira ku America. Anamaliza udokotala ku Meharry mu 1917. Atayesa kubwerera mu 1921 boma linamubweza, koma mu 1926 linamulola. Iye ndi mkazi wake Flora anatsegulanso PIM, namanga tchalitchi china, sukulu ndi chipatala.