Mbiri ya Anthu Otchuka: Alan Turing, Woika Maziko a Kompyuta

Munthu akafika pa msika wa kwa Mkanda m'boma la Mchinji nyengo yokolola, amapeza alimi akugulitsa mtedza ndi soya, ena akulandira ndalama zawo pa foni, enanso akulankhula ndi abale awo a tsidya la malire ku Zambia. Koma ndi oŵerengeka okha amene amadziŵa kuti m'kati mwa foni yotere muli kompyuta, ndiponso kuti maziko a kompyuta adaikidwa ndi mnyamata wa zaka 23 amene panthaŵiyo adali asanalandire digiri ya udokotala. Mlungu uno tikamba za iyeyo, makamaka poganizira ana athu amene atsiriza digiri yoyamba ndipo akusinkhasinkha zopitiriza maphunziro a sayansi ya makompyuta.

Alan Mathison Turing adabadwa pa 23 June, 1912, mu mzinda wa London, masiku amene boma lathu la Mchinji linkatchedwa Fort Manning. Atate ake adali pa ntchito ya boma la Angerezi ku India, kotero kuti iye ndi mkulu wake John adaleredwa ndi anthu ena ku England, makolo awo nkumangobwera mwa apo ndi apo. M'chaka cha 1926 adapeza malo pa sukulu ya Sherborne. Tsiku lotsegulira sukulu lidakumanizana ndi sitiraka yaikulu ya antchito m'dziko lonselo, ndipo sitima za pamtunda sizinkayenda. Mwanayo, wa zaka 13, adapalasa njinga yekha mamailosi 60 kuchokera ku Southampton, mtunda wochepa pang'ono poyerekeza ndi wa pakati pa Lilongwe ndi Mchinji.

Aphunzitsi ake sadakondwere naye kwenikweni, pakuti ankalemba mosasamala ndipo mtima wake wonse udali pa masamu ndi sayansi. Amene ankamumvetsa adali mnzake wa pasukulupo, Christopher Morcom, koma iyeyu adamwalira ndi chifuŵa chachikulu mu February, 1930. Imfa imeneyi idamusweka mtima Turing, ndipo idamuyambitsa kufunsa za nzeru za munthu, kumene zimachokera ndi mmene zimagwirira ntchito.

Adaloŵa King's College ku Cambridge mu 1931 ndipo adakhoza bwino koposa digiri ya masamu mu 1934. Chaka chotsatira adapatsidwa malo ochitira kafukufuku pakolejipo chifukwa cha ntchito imene adalemba, ngakhale kudapezeka kuti katswiri wina wa ku Finland, Jarl Lindeberg, adali atatsimikizira kale mfundo yomweyo mu 1922. Aka kadali koyamba kupeza kuti wina wamutsogolera, koma sikadali komaliza.

Mu 1935, pomvera maphunziro a Max Newman, adamva za funso limene katswiri wa ku Germany, David Hilbert, adalifotokoza mu 1928. Funso lake lidali lakuti kodi ilipo njira imodzi yokhazikika, yongotsata malamulo, imene ingathe kugamula ngati mfundo iliyonse ya masamu ingatsimikizike kapena ayi. Kuti ayankhe, Turing adayamba wadzifunsa kuti kuŵerengera nchiyani. Tiganize za kalaliki wogula mtedza pa sikelo. Ali ndi pepala ndi pensulo. Amayang'ana nambala imodzi, nalemba ina, nafufuta, nasendera pa mzere wotsatira, zonse motsata malamulo amene adaphunzira. Turing adaona kuti ntchito yotere ingagaŵidwe m'timagawo ting'onoting'ono tosafuna kuganiza konse. Choncho adalingalira makina okhala ndi lamba wautali wa pepala wogaŵidwa m'timabokosi. Makinawo amaŵerenga chizindikiro chimodzi pa nthaŵi, nkuchisintha kapena kuchisiya, kenaka nkusendera kumanja kapena kumanzere monga mmene mndandanda wa malamulo ukunenera.

Apa mpamene padatuluka mfundo yaikulu. Iye adaonetsa kuti malamulo a makina alionse angathe kulembedwa pa lamba yemweyo, ndipo makina amodzi, poŵerenga malamulowo, angagwire ntchito ya makina ena onse. Ndicho chifukwa chake lero foni imodzi imatumiza ndalama, kujambula zithunzi ndi kuimba nyimbo. Chosintha ndi pulogalamu chabe. Adaonetsanso kuti alipo mafunso ena amene makina sangawayankhe ngakhale atapatsidwa nthaŵi yochuluka chotani, ndiye kuti njira imene Hilbert ankafuna kulibe.

Koma asanasindikize ntchito yakeyo mu 1936, kudamveka kuti Alonzo Church wa ku Princeton, ku America, wafika pa yankho lomwelo podzera njira ina. Wina akadataya mtima kapena kusunga chakukhosi. Turing adazindikira kuti munthu amene wamutsogolerayo ndiye woyenera kumuphunzitsa. Newman adalembera kalata Church, ndipo mu September, 1936, Turing adakwera sitima ya pamadzi kupita ku Princeton. Chaka chachiŵiri adachipeza ndi thandizo la ndalama za maphunziro, katswiri wotchuka John von Neumann atamulembera kalata yomuchitira umboni. Adalandira digiri ya udokotala mu June, 1938. Von Neumann adafuna kumulemba ntchito kuti akhale womuthandiza, koma Turing adasankha kubwerera kwawo.

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, yomwenso asilikali athu a King's African Rifles adakamenya mpaka ku Burma, idamupeza ali wokonzeka. Pa 4 September, 1939, adafika ku Bletchley Park, kumene boma lidasonkhanitsa akatswiri oti amasulire mauthenga achinsinsi a Ajeremani, olembedwa ndi makina otchedwa Enigma. Akatswiri a ku Poland, monga Marian Rejewski, adali atatsegula kale njira. Turing pamodzi ndi Gordon Welchman adakonza makina otchedwa Bombe, amene adayamba kugwira ntchito mu 1940. Iye adatsogolera gulu lomasulira mauthenga a asilikali a pamadzi, ndipo ntchitoyo idathandiza sitima zonyamula chakudya kupeŵa adani obisala pansi pa nyanja ya Atlantic. Zonsezi zidasungidwa mwachinsinsi mpaka zaka za m'ma 1970.

Nkhondo itatha adaloŵa ntchito ku National Physical Laboratory, ndipo mu February, 1946, adapereka dongosolo la kompyuta yotchedwa ACE. Ntchito yomanga makinawo itachedwa, adasamukira ku yunivesite ya Manchester mu 1948. Mu 1950 adasindikiza nkhani yofunsa ngati makina angaganize, momwe adapereka muyeso wake: ngati munthu wocheza ndi makina polemberana sangathe kuwasiyanitsa ndi munthu mnzake, palibe chifukwa chowakanira dzina la oganiza. Mu 1952 adalembanso za mmene maŵanga ndi maonekedwe a zamoyo amapangikira.

Chaka chomwecho adazengedwa mlandu wogonana ndi mwamuna mnzake, umene udali mlandu m'malamulo a England mpaka 1967. Adapatsidwa mwayi wosankha pakati pa ndende ndi kubayidwa mankhwala osintha thupi, ndipo adasankha mankhwala. Boma lidamuletsanso kugwira ntchito zachinsinsi. Adamwalira pa 7 June, 1954, kunyumba kwake ku Wilmslow, ndi poizoni, ali ndi zaka 41. Bwalo lofufuza lidagamula kuti adadzipha, koma amayi ake adakhulupirira mpaka imfa yawo kuti idali ngozi. Nduna yaikulu Gordon Brown idapepesa m'dzina la boma mu 2009, Mfumukazi Elizabeth idamukhululukira mu 2013, ndipo mu 2021 nkhope yake idaikidwa pa ndalama ya mapaundi 50. Mphoto yapamwamba ya sayansi ya makompyuta, imene idayamba kuperekedwa mu 1966, imadziŵika ndi dzina lake.

Pamene Turing ankaphunzira, phunziro la sayansi ya makompyuta kudalibe. Cambridge idayambitsa dipuloma yake mu 1953, ndipo Purdue ku America idatsegula dipatimenti yake mu 1962. Lero maphunziro a makompyuta akupezeka m'masukulu athu a ukachenjede ku Zomba, Blantyre, Mzuzu ndi Thyolo. Mwana wa kwa Mkanda wofuna kupitirira digiri yoyamba asaope kuti alibe makina okwera mtengo, pakuti ntchito yaikulu ya Turing idalembedwa kompyuta isanamangidwe. Chofunika nchakuti alimbike pa masamu, akhale ndi funso lakelake, afunefune mphunzitsi wodziŵa funsolo, ndiponso asunge ubale ndi aphunzitsi ake akale, chifukwa makalata awo ndiwo amatsegula makomo a thandizo la ndalama. Akapeza kuti wina adayankha kale funso lake, apite akaphunzire kwa iyeyo. Ndipo akatsiriza, akumbukire kuti kwawo kuli ntchito yomudikira.

Mlungu wamaŵa tidzakamba za mayi Grace Hopper.